Ena Guluu, Ena Phula

"Ubwere wekha, mwanayo umusiye kwa amayi ako." Anatero Zhor pa foni Lachiwiri madzulo, mawu ali pansipansi ngati pali wina wamuimirira pakhomo, ndipo Siham asanafunse chifukwa, foni inaduka. Zhor anali mkazi wa Tahar, mkulu wake wa malemu Jawad, mwamuna wa Siham. Sanali munthu woimbaimba foni. Chimwalirireni Jawad chaka chathachi, aka kanali koyamba. Ankanena za ulendo wa Lachisanu, umene apongozi a Siham anamuitanira ku Sidi Kacem.

Koma chenjezolo linangogwera pansi. Amayi ake a Siham anaomba m'manja ndi kudabwa. "Upite kwa apongozi ako chimanjamanja, mdzukulu wawo mmodzi yekhayo utamusiya? Ukanena kuti ali kuti, wamuiwala pa msika? Zhor uja usamumvere, kusowa mwana kwamuwawitsa mtima."

Mlongo wake, Anouar, ndiye anachita kuseka. "Mkulu uja, mpongozi wako, wakuitana kuti ukaone tisitima take toseweretsa tatsopano, basi. Iwe ngakhale nkhuku itatsokomola umathamangira kuchipatala. Pita, mwana akasangalale."

Naye Siham Lachisanu m'mawa anamuluka tsitsi mwana wake Dounia, namuveka majuzi awiri poti m'sitima mumazizira, n'kukwera naye pa Tanja kulowera ku Sidi Kacem. Mwanayo anali atangokwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, dzino limodzi lakutsogolo likugwedera.

Asanadutse n'komwe pa Asilah, woona matikiti anaima pa iwo n'kumuyang'anitsitsa mwanayo. "Uyu si wa Jawad uyu? Mphumi yomweyo! Ba Larbi atiuza kale kuti mukwera ya m'mawa." Pa siteshoni ya Sidi Kacem wonyamula mbendera anawalonjera ndi mayina awo, wosesa n'kuthamangira kudzawalandira chikwama. Pa njanji yonseyo panalibe amene sanamwepo tiyi m'nyumba ya Ba Larbi, bambo ake a Jawad. Siham anamwetulira aliyense, dzanja la mwana atalifinya mpaka Dounia anadandaula, "Mama, mukundipweteka."

Lalla Mbarka, apongozi ake aakazi, anawachingamira pakhomo. Anamupsompsona Siham m'masaya mwachangu, kenaka anagwada n'kumukumbatira mdzukulu wawo nthawi yaitali. Wina akanati n'chikondi chabe. Koma Siham anaona dzanja lawo likuyenda pamsana pa mwanayo, chala chachikulu ndi chaching'ono zikutambasuka n'kukumananso, kuchoka phewa ili kufika linalo, kenaka kuchoka m'khosi kutsika mpaka m'mawondo. Iye ankasoka malaya pa fakitale ku Tanja, kuyeza ankakudziwa.

Pansi pa masitepe panali tinsapato ta m'nyumba tatsopano, tofiira, tomukwana Dounia ndendende. Zhor anatuluka m'khitchini manja ali mbuu ndi ufa, ndipo ataona mwanayo nkhope yake inagwa. Awiriwa akutsuka matambula a tiyi, anamunong'oneza, "Iwe mchemwali, makutu unawasiya ku Tanja?" Koma Lalla Mbarka analowa kudzatenga mbale yaikulu, nkhani n'kufera pomwepo.

Amuna atabwerako ku mzikiti, anadya kusikusi wa Lachisanu, chakudya cha tirigu cha msuzi ndi nyama. Agogo aakazi ankaumba timibulu m'dzanja n'kumamudyetsa mwanayo, nyama yonse yofewa akuikankhira mbali yake. Siham anadya pang'ono chabe.

Chipinda cha tisitima chinali pansi, m'mene kale munali galaja. Ba Larbi moyo wawo wonse anautayira pa kukonza mitu ya sitima, ndipo atapuma pa ntchito manja anakana kukhala. Ankagula mathireyi akale amkuwa pa msika, n'kumawadula, kuwapinda ndi kuwaotcherera mpaka patuluke kamutu ka sitima kotalika ngati chikhatho, koyenda, kowala, kolira. Ogula ankachokera ku Rabat ndi ku Casablanca. Koma asanagulitse kalikonse katsopano, ankayamba aitana anzawo akale a pa njanji kuti adzaone ndi kupezera zifukwa.

Zaka zonsezo ankapanga za malasha ndi za dizilo zokha. Za magetsi ankazinyoza, amati n'sitima yanji yoyenda itagwirira chingwe ngati nkhalamba yosaona. Jawad ankayendetsa ya magetsi, ndipo Siham ankakumbukira mmene awiriwa ankasererana pa chakudya. "Bambo, yanga mudzapanga liti?" "Ikadzaphunzira kutulutsa utsi ngati sitima yeniyeni." Jawad anadwala masiku ochepa, n'kupita utsiwo usanatuluke.

Masanawo m'chipindamo munali amuna anayi okalamba, aliyense ndi tambula yake ya tiyi. Akazi anaima chakukhomo. Tebulo lalikulu lodzaza chipinda linali litafunditsidwa nsalu yoyera, ndipo kwa Siham inangokhala ngati nsanda. Ba Larbi anati "Bismillah," nagwira ngodya ziwiri, n'kuivundukula pang'onopang'ono.

Pansi pake panali Sidi Kacem yense. Siteshoni ndi wotchi yake, mphambano ya njanji, msika, mzikiti, minda ya malalanje, phiri lokhala ndi mphanga yolowamo sitima. Zonsezi Siham anazionapo kale. Zatsopano zinali timizati tomwe tinandanda m'mbali mwa njanji, ndi waya wopyapyala ngati tsitsi woyenda pamwamba kuzungulira tebulo lonse. Ndipo pa siteshoni panaima timitu ta sitima titatu ta magetsi.

Amuna aja anaika matambula pansi n'kuwerama. Koyamba kanali kachikale, kamakona, kobiriwira. Kachiwiri kanali kofiira ndi mzere wotuwa m'nthiti. Kachitatu kanali kamphuno yosongoka, kosalala ngati nsomba. Kalikonse kanali ndi kamkono kopindika pa denga, ndipo Ba Larbi atakakhudza ndi nsonga ya singano, kamkonoko kanadzuka kokha n'kukagunda waya.

"Moto ukudzera m'mwambamu zenizeni?" anafunsa wina. "Kapena watinamiza, wabisa m'tinjanji?"

"Ndinayamba ndakunamizanipo? Tsitsa kamkonoko uone ngati kasunthe."

Kenaka maso onse anaima pa chinthu chimodzi. M'kazenera ka kofiira kaja munali kamunthu kosemedwa ndi mtengo wa azitona, chigongono chili panja, mutu utapendekera kumanzere. Ndi mmene Jawad ankakhalira, ngakhale pa mpando wa kunyumba. Siham anagwira chitseko. Lalla Mbarka anakokera mpango kumaso.

"Mulungu amuchitire chifundo," anatero mmodzi wa okalambawo, ndipo onse anavomera chapansipansi.

Amene anasintha nkhani anali Si Bouchta, mnzawo wakalekale wa Ba Larbi, wamimba yake, yemwe ankayendetsa za dizilo. Anafwenthera m'kansalu, naloza kafe, kanyumba komwera tiyi, pakona pa msika. "Iwe Larbi, taima kaye. Wandikhazikanso pa kafe pomwe paja? Ine ndinayendetsa sitima mpaka ku Oujda, iwe ukundiona ngati ndinabadwira pa mpando?" Anayesa kunyamula kamunthu kamimba kamene kanakhala pakhonde pa kafeyo, koma sikanasunthe. "Aa! Wachita kundimata!"

"Nanga ndikanatani? Chipumireni ntchito unapitako kuti? Ngakhale mkazi wako akakufuna amatuma uthenga ku kafe."

"Mkazi wanga umusiye, ndi amene amandithamangitsira kumeneko."

Anaseka onse, kuseka kwa anthu ofuna kupuma. Ba Larbi anapukuta magalasi awo. "Lamulo langa mukulidziwa. Wapaulendo ndimamuimika pa phula, kuti mawa ndimuchotse ndiikepo wina. Mwini mudzi, guluu. Ndipo guluu wanga sachoka. Ukakakamiza uthyola mwendo."

Dounia anali atasomphoka kale m'manja mwa mayi ake, chibwano chili pamphepete pa tebulo. "Ba Sidi, ine ndili pati?" anafunsa agogo ake aamunawo.

"Dzifune wekha, diso langa."

Mwanayo anayendetsa chala m'mwamba mwa timisewu, kudutsa msika, kukhota pa mzikiti, n'kukuwa. "Ndili apa! Mama, taonani, ndili ndi agogo!"

Siham anasendera. Inali nyumba yomweyi, ya chitseko chobiriwira. Kutsogolo kwake kunaima kamayi kovala mpango, katagwira dzanja kamtsikana ka malukidwe awiri. Kamtsikanako kanavala yunifolomu ya pinki, kachikwama kali kumsana, nkhope italoza kusukulu ya kumapeto kwa msewu. Dounia anali asanayambe sukulu. Amayenera kukayamba chilimwe chikatha, ku Tanja, pa sukulu yoyandikana ndi fakitale, kuti Siham azimusuzumira nthawi ya nkhomaliro.

Anatambasula dzanja ngati akuchotsa fumbi, nakankha kamtsikanako ndi chikhadabo. Kanali nganganga.

"Nanga Mama ali pati?" anafunsa Dounia.

Ba Larbi anali atatanganidwa kulumikiza timabogi kumbuyo kwa kamutu kofiira, ndipo anavundukula denga la kabogi koyamba kuti anzawo aone timipando. Mwanayo ndiye anaona msanga. Pa zenera panakhala kamayi kovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kokhakokha, mpando wa pambali pake uli wopanda munthu. Dounia anapisa zala ziwiri, ndipo kamayiko kananyamuka mosavuta, kaphula kachikasu kali kunsi kwake.

"Mama achoka!"

"Bwezera, mwana wanga, sitima ikunyamuka," anatero agogo akewo mofatsa.

Zoyera za umasiye Siham anali atavula kalekale; tsikulo anavala mkanjo wobiriwira. Anangoima, manja ali lende, akuyang'ana mkuluyo akutseka denga la kabogi n'kupotokola kachitsulo ka pa bokosi la magetsi. Kamutu kofiira kanang'ung'udza, tinyali take tinayaka, pa waya panathetheka kamoto kabuluu, ndipo sitima inayamba kuyenda. Inatuluka pa siteshoni mwaulemu, n'kudutsa kuseri kwa nyumba ya chitseko chobiriwira, fungo la mafuta otentha likumveka m'chipinda monse.

Dounia analumphalumpha akubayibitsa. "Pitani bwino, Mama! Pitani bwino!"

Sitimayo inalowa m'mphanga ya phiri. Okalamba aja anaseka, akuyamikira kuti ikukhota bwino, sikugwedezeka. Si Bouchta naye ankaseka, mpaka maso ake anakumana ndi a Siham. Pomwepo anasiya, n'kuyamba kuyang'ana m'tambula yake yopanda tiyi. Apo Siham anadziwa kuti m'chipindamo amene sankadziwa kanthu anali iye ndi mwana wake basi.

Alendo anatsanzika azana yoitanira anthu ku pemphero la chakumadzulo itamveka. Lalla Mbarka anamutenga Dounia kupita naye m'mwamba, amvekere akamupatse makeke a amondi. Siham anatsalira. Ba Larbi ankapukuta tinjanji ndi kansalu, pang'onopang'ono, ngati akutsuka bala.

"Ammi," anatero, monga ankawaitanira chikwatiwireni. Mawu anatuluka aang'ono kuposa mmene ankafunira. "Mwandiika pa phula."

Mkuluyo sanadzutse mutu. "Phula si chipongwe, mwana wanga. Ndiwe wamng'ono. Zoyera unavula, ndipo unachita bwino, Mulungu sanalamule kuti ufere limodzi ndi mwamuna. Mawa kapena mkuja wina adzagogoda, udzapita. Ndiye mwana wa Jawad akakulire pakhomo pa mwamuna wachilendo, azikaitanidwa ku mbale anzake atakhuta?"

"Palibe wagogoda."

"Adzagogoda. Ndiponso uko umatuluka kusanache, kubwerako dzuwa litalowa. Amamulera ndani? Mayi ako, ndi miyendo yawo ija? Kuno sukulu ili apo, agogo ake ali pano, chipinda cha bambo ake chili m'mwambamu, tachipaka kale utoto. Uzibwera kudzamuona nthawi iliyonse. Sitima ilipo."

"Munandifunsa?"

"Ndinalankhula ndi mlongo wako." Anapinda kansalu kaja. "Anouar ndi munthu womva zinthu. Akwera sitima yoyamba mawa, naye Tahar abwera kuchokera ku Meknes. Tikhala pansi, iwenso ukhalepo, tiwerenge pemphero la Fatiha, nkhani ithe mwaulemu. Palibe akukulanda, Siham. Tikukupeputsa."

M'mutu mwa Siham munali mawu ambiri, akuthwa, oti akanawalankhula mkuluyo akanakhala pansi. Koma atatsegula pakamwa panangotuluka kuti, "Akagona chagada amatsokomola."

"Uwauze agogo ake, adziwe."

Kenaka Ba Larbi ananyamula kamutu kofiira kaja n'kukagwira m'manja onse awiri.

"Jawad anandipempha kangati, ine n'kumaseka," anatero mkuluyo, osamuyang'ana. "Ndamupangira tsopano. Aona ndani? Bouchta? Ndatsala ndi chiyani ine, mwana wanga? Mkuwa. Koma kamwanako kakaseka m'nyumba muno, ndimamumva Jawad akutsika masitepe."

Chisoni chinamugwira Siham, ndipo chisonicho n'chimene chinamuopsa kuposa zonse. Ankadzidziwa. Tsiku la chinkhoswe chake amuna anakhala m'chipinda chochezera, iye maso pansi, n'kuvomera. Tsiku limene Jawad anamwalira amuna anakhalanso, nagamula kuti maliro akaikidwe ku Sidi Kacem osati ku Tanja kumene iye akanamapitako kumanda, ndipo anati chabwino. Mawa kudzakhala mlongo wake mbali iyi, mlamu wake mbali iyo, pakati mkulu wachisoni uja. Adzayang'ana maluwa a pa kapeti, wina adzati, "Wamva, eti?" ndipo mutu wake udzagwedezeka wokha. Manja akangokwezedwa pa Fatiha, womasula mfundoyo ndiye kuti wayambana ndi banja lonse, ndi Mulungu yemwe.

Anapsompsona dzanja la apongozi ake monga mwa mwambo, n'kukwera masitepe.

M'chipinda chochezera anapeza Dounia ataima pa kampando, manja atatambasula, atavala yunifolomu ya pinki yeniyeni. Lalla Mbarka anagwada pansi, mapini ali kukamwa.

"Mama, taonani! Ili ndi matumba awiri!"

Agogowo anachotsa mapini pakamwa. "Iwe ndiwe wa ntchito yake, taona ngati mpendero wawongoka. Maso anga masiku ano ndi a dzina chabe."

Siham anagwada. Nsaluyo inali yabwino, yosathina, yosiyira mwana malo okulira, ndipo mabatani anasokedwa kawirikawiri kuti asathothoke. Inasokedwa ndi munthu womukonda mwanayo. Anayendetsa chala m'mphepete monse, mawondo a Dounia akumugunda pa tsaya.

"Wawongoka, Lalla."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Ndinadziwa kuti ndiwe wa mtima wabwino."

Dzuwa likupendeka, Siham anachapa juzi ndi masokosi a Dounia zomwe zinadetsedwa ndi msuzi, n'kukaziyanika pa denga. Anatsika, anathandiza kusenda mbatata, anayankha zomwe ankafunsidwa. Kenaka anakweranso. Anapeza Zhor akuanula nsalu zofunda. Kutsidya kwa madenga kunkaoneka siteshoni yeniyeni, mawaya ake akuda atatandalala pa thambo lofiira.

Anaima pafupi naye, nagwira mbali ina ya nsalu kuti apinde limodzi.

"Matakisi a ku Souk Larbaa amaimabe kuseri kwa msika?"

Zhor anamuyang'ana, kenaka anayang'ana kukhomo la masitepe. "Amaima. Yoyamba imadzaza ndi amayi a masamba, kusanayere." Anasendera kuti ngodya za nsalu zikumane. "Za sitima usayerekeze. Usanafike pogulira tikiti, foni ikhala italira kale pansipa."

"Ndikudziwa. Ku Tanja sindibwererakonso pakali pano, Anouar ali ndi kiyi wa kwa amayi. Ndipita ku Larache kudzera ku Souk Larbaa, kwa amayi aang'ono. Kumeneko njanji sifika."

"Nanga ntchito?"

"Mashini osokera ali paliponse."

Zhor anakumbatira nsalu pachifuwa. "Mkuluyu zimudwalitsa izi. Chaka chonse wakhala m'galajamo, kudya kwake n'kochita kumukakamiza. Wayamba kuseka sabata yomwe ino."

"Ndikudziwa, Zhor."

"Sindikukuletsa. Ndikungonena."

"Ndidzabwera naye pa Idi. Ndidzabwera naye nthawi iliyonse akamufuna, akangomva kuti wobwera naye ndine, wobwerera naye ndine. Koma mawuwo ndikawanenera kutali. M'chipinda chija sindingathe. Undiseke ngati ukufuna. Ena amalimba pamaso pa anthu. Ine miyendo yokha ndi imene ndili nayo."

Zhor sanaseke. Anapinda nsalu ija kachiwiri, ngakhale inali yopindidwa kale. "Mkuluyu akamapita kumzikiti ku swala ya m'bandakucha chitseko amangochikoka, sakhoma. Lalla nthawi imeneyo amakhala pa mkeka wawo wopempherera, kuchipinda cha kumbuyo. Sitepe yachitatu kuchokera pansi imalira, uidumphe. Ine ndikhala ndili m'tulo, ndipo tulo tanga anthu onse amatidziwa."

Pansi pankamveka Dounia akuseka, ndi mawu a agogo ake aamuna akumuphunzitsa kuliza wezulo ya wonyamula mbendera. Siham anamvetsera mpaka kusekako kutatha. Kenaka anapita pa chingwe, nachotsa zopanira, n'kuyamba kupinda juzi ya mwana ndi timasokosi take, madzi akudonthera pa mkanjo wake.

"Sizinaume izo," anatero Zhor.

"Zikaumira konko."